Malonje Pamaso pa Mabwana a ku Joni

Berea, Joni
12 Meyi 1996

Kwa Mayi Tryphena NyaMtonga,
Mkulu wa Nthambi ya Singano ndi Ulusi,
Mphamba, Lundazi.

Mayi,

DANDAULO PA NKHANI YA BATANI

Ine, Kenan Zgambo, mwini digiri ya zaulimi, yemwenso malinga ndi mabuku a mpingo ndine mwamuna wanu, ndikudziwitsa ofesi yanu ndi mtima wosweka kuti jekete langa lakuda lili ndi mabatani awiri akuda ndi limodzi lobiriwira. Lobiriwiralo ndalizindikira. Linali pa yunifomu ya mwana wathu Linah. Munthu amene anatha zaka zinayi ku yunivesite ku Lusaka akuwerenga za matenda a chimanga sayenera kuyenda m'misewu ya Joni atavala batani la mwana wa giredi thuu. Nkhaniyi ifufuzidwe, ndipo wolakwa achite manyazi.

Dandaulo latha. Monire, anyina Linah. Muli uli kumeneko? Bondo la amama likuti bwanji? Ine ndili bwino, ndinafika wathunthu. Msuweni wanga Ezron anandilandira. Iye ndi mlonda pa garaja ina, amagona masana, ine usiku, choncho bedi lathu limodzilo silidziwa kuti tilipo awiri.

Pangano lathu la pa siteshoni ya basi sindinaliiwale. Munandipatsa mpaka mvula yoyamba. Ndikapeza ntchito ndidzakutengani inu ndi Linah. Ndikalephera ndibwerere kudzagwira pulawo, osati kumangoonjezera chaka pa chaka ngati amuna ena a kwathu amene ana awo amawadziwira pa chithunzi. Ndinavomera pamaso pa kondakitala, ndiye mboni ilipo.

Sabata yamawa ndili ndi intavyu pa kampani ina ya feteleza. Intavyu ndiye kuti anthu atatu akhala kuseri kwa tebulo n'kumakufunsa ngati waba mbuzi, iwe n'kumamwetulira. Sindinaichitepo chibadwire. Ku kampani yathu ya thonje ija anangotitenga tikutuluka m'kalasi, ndipo potseka sanatifunsenso kanthu. Koma sindikuopa. Munthu amene anayankha mafunso a adada anu tsiku la malowolo angaope ndani?

Chipinda chathu chili m'mwamba kwambiri. Madzulo ndimaima pa windo kuyang'ana mapiri achikasu a dothi la m'migodi. Dzuwa likamalowa amaoneka ngati milu ya chimanga chosola, ndipo ndimangoona inu mukuyenda pakati pake ndi lichero, mwachifatse, osathamangira kanthu. Kenako ndimaona ofesi yanga, mpando wozungulira, inu mukulowa mutavala nsapato zazitali n'kufunsa mlembi wanga ngati bwana ali ndi mpata. Ndidzamuuza kuti mudikire pang'ono, chifukwa cha batani.

Nshawa, mtedza wathu uja, musagulitse msanga kwa aja obwera ndi masikelo pa njinga. Dikirani mtengo wa pa msika.

Wanu wozunzika,
Kenan


Berea
9 Juni 1996

Anyina Linah,

Monire nonse. Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kuti muli bwino ndi kuti chimanga chalowa m'nkhokwe. Ine thupi lili bwino, koma ulemu wanga wavulala.

Ndinapita ku intavyu ija. Anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Kenako mayi wina wa magalasi anati, "Bambo Zgambo, tiuzeni za inu." Tandiuzani inuyo, anyina Linah, mlendo akafika pakhomo, apatsidwa mpando, apatsidwa madzi, ndiye eni nyumba ati tiuzeni, kwathu timati afuna chiyani? Malonje! Mtima wanga unati myaa, ndinati kani anthu awa analeredwa.

Ndinayamba mwadongosolo monga anandiphunzitsira adada. Ndinati kumudzi ndinasiya anthu ali bwino, kupatula amama amene bondo likuwavuta. Ndinati mvula chaka chino inatikomera, ngakhale ya Febuluwale inachuluka m'munsi mwa munda. Ndinafotokoza za maliro a ku Kapichila amene anandichedwetsa kunyamuka. Ndinawakweza basi ya ku Chipata, ndinawaonetsa pamene tayala linaphulika, tinaoloka limodzi Luangwa, tinagona pa benchi ku Lusaka. Zonsezi m'Chingerezi chosalala, cha digiri. Tili pa Chirundu, Zambezi tisanaoloke n'komwe, bambo wina wonenepa anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, tidzakuimbirani foni."

Anandisiya pa malire, mayi, ndi katundu yense. Ndinakhalabe pampando kudikira kuti nawonso andiuze mmene kwachera kwawo, poti malonje amabwezedwa. Mpaka lero sindikudziwa ngati amayi a bambo wonenepa uja ali moyo.

Ezron anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Akuti, "Iwe mudala, kuno sibafuna kuziba za bondo ya amai bako. Ukambe chabe kuti ndiwe ndani, uziba chani, basi wasiliza." Ndiye ndamufunsa kuti munthu angafotokoze bwanji kuti ndi ndani osatchula kumene wachokera ndi amene wawasiya? Akuti ndicho chifukwa chake iye ali pa ntchito, ine ndili pa windo.

Tsono ndili ndi pempho. Padziko lonse palibe munthu wodziwa mafunso ovuta kuposa inu. Ndikachedwa ku boma ndi theka la ola mumandifunsa mpaka ndimayamba kudzikayikira ndekha ngati ndinapitadi ku boma. Luso limeneli lisamangothera pa ine chabe. Munditumizire mafunso, ndiziyeserera.

Kuno tomato atatu mtengo wake ungagule beseni lonse pa msika wa Lundazi, ndiponso sanunkhira kanthu. Ndaika kangachepe m'manja mwa dalaivala wa lole ya ku Chipata, mugulire Linah juzi. Kukuzizira.

Kenan


Berea
14 Julaye 1996

Anyina Linah,

Monire. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Linah ndi amama. Ine ndili ndi kachifuwa, si kanthu. Kuzizira kwa kuno kumalowa m'mafupa ngati kuli ndi kiyi wakewake.

Mafunso anu afika, ndipo ndikutsutsa mmene mwayendetsera mayesowa. Mwalemba kuti, "Chofooka chanu chachikulu n'chiyani?" Funso labwino, amafunsadi. Koma m'malo mosiya mpata woti ndiyankhe, mwayankha nokha kuti "Pakamwa," n'kudula mzere kunsi kawiri. Kumeneko si kufunsa, mayi, ndi kuweruza. Mwafunsanso kuti, "Munachokeranji pa ntchito yanu yakale?" ngati simunalipo. Sindinachoke pa ntchito. Ntchito ndiyo inandichoka, Lachisanu masana, osatsanzika.

Intavyu yachiwiri inachitika, pa kampani ya mankhwala a mbewu. Malonje ndinawasiya panja pamodzi ndi ambulera. Koma taonani zimene maleredwe a ku Mphamba anandichita. Nditalowa ndinapeza akuluakulu atakhala, ndiye ndinafulumira kukhala pansi kuti ndisawaimirire pamutu. Kani kuno umaima chilili ngati mtengo mpaka akuuze. Atandipatsa pepala ndinalandira ndi manja awiri, bondo n'kudzipinda lokha pansi pa tebulo. Pokamba nawo maso anga anali pa kapeti, poti wamkulu wawo anali ndi imvi ngati adada. Ezron akuti kuno woyang'ana pansi ndiye wakuba. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwalemekeza adada ngati wakuba!

Kenako anandifunsa kuti, "N'chiyani chimene mumachita bwino kuposa anzanu?" Anyina Linah, munthu angayankhe bwanji zimenezo ndi pakamwa pake? Kwathu ukakolola ngolo khumi umati tapezako pang'ono tokazinga ana. Ndinati, "Zimenezo angaone ndi ena, ine ndimangoyesako." Wa imvi uja analemba kanthu kakafupi kwambiri.

Ndikutuluka ndinakwera lifiti yokhala ndi magalasi mbali zonse. Ndinaona a Kenan ambirimbiri atandandalika mpaka kutali, onse atavala jekete, onse opanda ntchito. Wakutali kwenikweni uja ankaoneka ngati waima pa dimba lathu, m'mawa, nkhungu isanachoke pa mpiru. Ndinafuna kumufunsa kuti zikuyenda bwanji kumeneko, koma chitseko chinatseguka.

Uzani mng'ono wanga Mathew afolere khola dzuwa lisanakule. Ng'ombe zija, Sitima ndi Kaputeni, asazibwereketse kwa aliyense wokoka njerwa, zifike pa mvula zili ndi mphamvu. Za wotchi yanga mwafunsazo, ilipo, ili kwa munthu wina amene akuisunga bwino.

Kenan


Yeoville
25 Ogasiti 1996

Anyina Linah,

Monire. Muli uli? Ine ndilipo. Mwaona kuti adilesi yasintha. Muzilemba kudzera ku tchalitchi chimene ndalemba kuseriku, abusa ake amandidziwa.

Ezron kulibe. Anakumana ndi anthu ofuna kuona mapepala, ndipo anamukweza galimoto ya mawindo a waya. Akafika kumeneko mumulandire bwino, musamufunse zambiri. Zimene angakuuzeni za mmene tinkakhalira muzigawe pakati, mukudziwa kuti Ezron amakonda kukometsa nkhani. Mapepala anga ine akadali ndi moyo mpaka Novembala.

Pakali pano ndine mlangizi wa zaukhondo pa malo ena oimikapo ma minibasi. Ndimagwira ndi ndowa ndi nsanza. Ndi ntchito yongoyembekezera, musauze adada anu. Digiri ndimaisunga m'pulasitiki kuti isanyowe.

Popeza mphunzitsi wanga wapita, ndapeza wina. Pa sitolo ina ya zovala m'tauni muli chidole chachimuna pa windo, chovala suti yotuwa, chibwano m'mwamba. Ndachitcha Bwana Mkulu. Ndikaweruka ndimaima patsogolo pake n'kuchiyang'ana m'maso, osaphethira. Ndimachiuza kuti, "Ndine Kenan Zgambo. Ndimadziwa chimanga kuposa aliyense m'nyumba muno. Ndinaphunzitsa alimi a midzi makumi atatu. Mukandisiya mudzalira." Poyamba mawuwa ankandiwawa pakhosi ngati ndikutukwana pa maliro. Tsopano akutuluka okha. Bwana Mkulu sananditsutsepo, ndipo mlonda wa sitoloyo wasiya kundithamangitsa, amangoimirira kumvetsera. Dzulo anandiuza kuti akanakhala iye akanandilemba.

Nthawi zina ndikayang'anitsitsa pagalasipo, magalimoto odutsa kumbuyo kwanga amasungunuka, ndimaona msewu wa ku Mphamba, fumbi lofiira la Ogasiti, kamvuluvulu akunyamula makoko a chimanga, ndi mayi wina akubwera pa njinga atamanga thumba kumbuyo. Safika. Amangopalasa.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Gulitsani nshawa tsopano, thumba limodzi musiye la mbewu.

Kenan


Yeoville
13 Okutobala 1996

Anyina Linah,

Monire, monire! Muli uli nonse? Ine ndili bwino kwambiri, chifuwa chinatha. Khalani pansi, ndipo muitane Mathew amve.

Kampani ina yaikulu ya mbewu ikufuna munthu woyendera alimi. Anaitana anthu ambiri, ine ndinali m'gulumo. Ndinalowa, ndinaima mpaka anandiuza kuti ndikhale. Ndinagwira dzanja la bwana ndi dzanja limodzi, linalo ndinalitsekera m'thumba kuti lisachite mwambo. Ndinamuyang'ana m'maso mpaka iye ndiye anayang'ana kumbali. Atati ndiwauze za ine, sindinatchule bondo la munthu aliyense. Atafunsa chofooka changa ndinati ndimagwira ntchito mopitirira muyeso, bodza limene aliyense kuno amanena ndipo aliyense amalilemba mwaulemu. Atafunsa za malipiro ndinatchula nambala imene inandichititsa chizungulire ine mwini. Palibe anakomoka.

Tatsala awiri. Andiitananso kumayambiriro kwa Novembala kuti ndikaonane ndi eni ake enieni. Pali nyumba, anyina Linah. Madzi otentha otuluka m'khoma. Sukulu ya Linah ili pafupi, ya mabasi ake.

Ndinatuluka mmenemo ngati ndamwa. Mitengo ya m'misewu ya kuno yachita maluwa ofiirira, ogwa ngati mvula, msewu wonse wasanduka chitenje. Ndinayenda pamalowo pang'onopang'ono. Koma chinthu chimodzi chinandidabwitsa. Ndinafuna kukondwa, ndiye ndinapeza kuti amene wapambanayo sindikumudziwa bwino. Ndi munthu wa maso ouma, adada akanamuona akanafunsa kuti ndi mwana wa yani.

Tsopano za kalata yanu. Ndinapempha mafunso ambiri, inu mwatumiza limodzi lokha pakati pa pepala lonse: "Zaka zisanu zikubwerazi mudzakhala kuti?" Ndipo pansi mwaonjeza ndi pensulo, "Ndipo ndi yani?" Gawo lachiwirilo, mayi, palibe kampani imene imafunsa. Loyambalo yankho lake ndi lapafupi, ndaliloweza kale: ndidzakhala manenjala wa chigawo chonse, ndikutukula kampani ino. Mwamva? Lopanda chilema.

Chokhacho, chilandirireni kalatayo, ndikati ndiyeserere yankholi pamaso pa Bwana Mkulu, pakamwa pamanena za umanenjala koma m'makutu mukulira nyenje za Okutobala, zija za mu mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Mwandilodza ndi pensulo.

Mwati Linah wafunsa ngati adada ake ali ndi ndevu kapena ayi. Muuzeni kuti ndilibe. Muuzeni kuti ndikadali monga anandionera. Mwatinso Mathew akufunsa ngati alime munda wathu wonse kapena theka, poti manja ndi ochepa. Adikire kalata yotsatira.

Kenan


Yeoville
6 Novembala 1996

Anyina Linah,

Monire. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino, ndipo ndikulemba ndili ndi mlandu waukulu wokusumirani.

Dzulo ndinapita. Ofesi ya pamwamba penipeni, tebulo lalitali ngati bwato, anthu awiri okha: mwini kampani, ndi mayi wina wachikulire, Mzulu, woyang'anira antchito. Mnzanga wopikisana naye uja anali atatuluka kale thukuta lili kamukamu. Zonse zinayenda ngati pulawo m'dothi lonyowa. Anafunsa za chiwawu cha chimanga, ndinayankha. Anafunsa mmene ndingachitire ndi mlimi wokana mbewu yatsopano, ndinati ndinakwatira mwana wa mlimi wotero, anaseka. Mwini kampani anali atayamba kale kunena kuti "mukayamba" m'malo mwa "mutati mwayamba."

Kunja kunali kutada. Mayi uja anadzuka n'kutsegula windo pang'ono chifukwa cha kutentha. Kenako anakhala pansi, anavula magalasi, n'kunena kuti, "Funso lomaliza, Bambo Zgambo. Zaka zisanu zikubwerazi mudzakhala kuti?"

Ndinamwetulira, poti yankho linali m'thumba. Ndinatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo madontho oyamba anagwa pa denga la nyumba yoyandikana nayo, ndipo fungo linalowa pa windo paja. Mukulidziwa. Fumbi likalawa madzi.

Iwe Tryphena, sindikudziwa amene anayankha. Ndinangomva mawu anga akunena kuti ndidzakhala m'munsi mwa munda, kumene madzi amachedwa kuuma, m'mawa wotsatira mvula yoyamba. Ndinati Sitima adzakhala atakalamba koma akukokabe, ndi kuti kumbuyo kwanga kudzakhala mkazi wina wa pakamwa pakuthwa akuponya mbewu m'mzere n'kumandiuza kuti mzere wanga wakhota. Ndinati mwana wanga adzakhala wamtali kufika paphewa langa ndipo sadzafunsa munthu za nkhope yanga. Ndinawauza za akakowa otsata pulawo, za inswa zotuluka pachulu madzulo, za utsi wa m'mudzi umene umagona pansi mvula ikatha. Palibe anayang'ana wotchi. Mwini kampani anali atasiya cholembera.

Nditamaliza, mayi uja anandifunsa mofatsa, ngati azakhali, "Nanga kuno mukufunako chiyani, mwana wanga?"

Limenelo simunanditumizire. Bwana Mkulu naye sanandifunsepo.

Mwini kampani anakonza pakhosi. Anati andikonda, ndipo ntchito ndi yanga, koma akufuna munthu wodzakhazikika, wokalamba nayo kampaniyo. Anati, "Tangotiuzani kuti zimenezo ndi maloto chabe, tonse timalota. Mukatero tisainirana lero." Liwu limodzi, Tryphena. Ndanena mabodza aakulu kuposa limenelo m'maofesi a mzinda uno. Ndinawayang'ana m'maso, onse awiri, molimba monga ndinaphunzirira pa windo la sitolo, ndipo ndinati si maloto. Mayi uja anandiperekeza mpaka pa lifiti n'kundiuza kuti ndifulumire, mvula sidikira munthu wa pa basi.

Ndinyamuka Loweruka. Abusa andithandiza ndi ndalama ya ulendo. Uzani Mathew kuti tilima wonse, ayang'ane goli ndi tcheni. Ngati yagwa kale kumeneko, musandidikire, yambani kumtunda, kumunsi mundisiyire.

Tsopano mlandu. Inu, Tryphena NyaMtonga, ndi funso limodzi ndi kapensulo, mwapha manenjala wa chigawo chonse, munthu wa tsogolo lowala, amene akanakhala ndi madzi otentha otuluka m'khoma. Chitukuko cha Africa yense wakumwera chabwerera m'mbuyo chifukwa cha inu. Choncho ndikulamula chipukuta misozi chotere. Zaka zisanu ndinazitchula pamaso pa mboni zija mundipatse zonse, zathunthu, osachotsapo ngakhale Lachiwiri limodzi. Mvula muzikonza kuti izigwa usiku wokha, masana kuziwala. Ndipo m'mawa uliwonse, ndisanatuluke m'nyumba, nkhuku zonse za pakhomo zizifola pamzere, tambala patsogolo, inu n'kulengeza mokweza kuti a manenjala akupita kumunda. Nkhuku yochedwa idzaitanidwa ku ofesi.

Apilo kulibe.

Wanu wodandaula,
Kenan Zgambo